Magalasi Osadziwa Kugwada

M'dziko la Pepanibwana munalibe munthu wodziwa kugwada kuposa a Sipiliyano Kamtengo. Ena amabadwa ndi mawu oimbira, ena ndi dzanja la ulimi, koma iwo anabadwa ndi mawondo. Kunyumba yachifumu anali Wachiwiri kwa Mkulu Woona za Kagwadidwe, ndipo popeza mkuluyo anali mlamu wake wa mfumu, munthu amene mpando wake wa mu ofesi unali utayamba kuchita ndere, ntchito yonse inkagwera a Sipiliyano. Ndiwo ankaphunzitsa nduna zatsopano kusiyanitsa kugwada kopempha ndi kugwada kothokoza, kugwada kwa bondo limodzi kwa munthu amene ali paulendo, ndi kugwada kogubuduka nako kwa munthu amene walakwa zenizeni. Ntchitoyi ankaikonda ndi mtima wonse, ndipo munthu akagwada mwaulesi, mtima unkawawawa ngati aona mchere utatayika.

Koma thupi silimva za udindo. Nyamakazi inali itawapeza, ndipo akaweruka, akazi awo a Esinala ankawathowa mawondo ndi madzi otentha uku akung'ung'udza kuti anakwatiwa ndi munthu wathunthu koma boma likuwabwezera theka. A Sipiliyano ankangopirira, chifukwa nthawi yawo yopuma pantchito inali pafupi, ndipo wantchito wopuma ndi mbiri yabwino ankalandira Mendulo ya Kudzichepetsa. Mendulo payokha inali kachitsulo chabe, koma inkabwera ndi chilolezo chokhalabe m'nyumba ya boma mpaka imfa. Kwawo a Sipiliyano analibe ngakhale chimbudzi choti n'kuloza kuti ichi n'changa. A Esinala anali atadzala mapapaya ndi mandimu kuseri kwa nyumba ya bomayo, ndipo sankafuna kumva zosamuka.

Mfumu ya dzikolo inali Sindinalakwe Wachiwiri, munthu wosaipa mtima kwenikweni, kungoti ankakonda kuona nsonga za mitu ya anthu ake kusiyana ndi nkhope zawo. Lolemba lililonse ankalankhula kwa anthu m'holo yaikulu imene anasiya bambo ake. Tsono chaka china denga la holoyo linayamba kudontha, ndipo dontho lina lopanda mwambo linagwera pamphuno pa mfumu ili pakati pofotokoza za chitukuko. Nduna zinakumana mwadzidzidzi. Mmodzi anati denga likonzedwe, koma anzake anamuyang'ana ngati watukwana pamaliro, ndipo anakhala pansi. Ndiye anaimirira a Dyeratu, Nduna ya Zamakono, amene anali atangobwera kumene kuchokera kunja ndi mpango wa m'khosi ngakhale kunali kotentha.

"Denga lodontha ndi vuto la anthu otsalira, Mfumu," anatero a Dyeratu. "Anzathu kunjaku anasiya kalekale kukhala pansi pa madenga enieni."

Anafotokoza kuti kuli magalasi ena amene munthu akavala kumaso amaona ngati walowa m'nyumba ina yake, yansanamira zagolide, yosadontha, yosafuna kusesa. Mfumu ikhoza kukhala kuchipinda kwake, nduna m'maofesi awo, anthu wamba kumsika, koma onse n'kumaonana m'holo imodzi ya m'magalasi. Mfumu inafunsa ngati holoyo ikhoza kukhala yaikulu kuposa ya bambo ake, ndipo itauzidwa kuti inde, nkhani inathera pomwepo.

Magalasi anabwera a mitundu iwiri. Odula ankatchedwa Maso a Nkhwazi. Anali ndi nsalu yofewa mkati ngati pilo wa khanda, timaso ting'onoting'ono kuzungulira, ndipo ankadziwa chilichonse chimene thupi la mwiniwake likuchita: akakweza dzanja, chithunzi chake m'holomo chinkakweza dzanja, akakanda khutu nachonso chinkakanda khutu. Otchipa anali kabokosi kapulasitiki kolowetsamo foni, komangira kumutu ndi lamba wa mphira, ndipo anthu sanachedwe kuwapatsa dzina loti Bolakuona. Amenewa chimene ankadziwa n'kutembenuka kwa mutu basi. A Dyeratu anati zimenezo n'zokwanira, popeza chimene munthu wamba amafunikira pamsonkhano ndi mutu wovomerezera.

Mzere unadulidwa motere: kuyambira pa Mkulu kupita m'mwamba, Maso a Nkhwazi, kuyambira pa Wachiwiri kutsika m'munsi, Bolakuona. A Sipiliyano anagwera kunsi kwa mzerewo ndi chala chimodzi. Zinawapweteka, tisaname, makamaka atamva kuti abwana awo aja anapatsa ana awo magalasi odulawo kuti aziseweretsa. Koma anameza malovu, poti lamulo linali litalengezedwa pawailesi kuti magalasi onse ndi ofanana pamaso pa mfumu, ndipo aliyense wonena kuti ena ndi operewera akunyoza nzeru za Mpando wachifumu.

Lolemba loyamba a Sipiliyano anatumidwa ku Msika wa Bolamoyo kuti akatsogolere anthu wamba pakagwadidwe. Kunali kutagwa mvula usiku ndipo inali ikuwazabe, moti pansi panali matope osakanizika ndi makoko a nthochi. Anthu anavala timabokosi tawo n'kuyamba kuyamikira m'njira yawoyawo. A Nasibeko ogulitsa tomato anati denga lagolide lija ndi labwinodi, silidontha, kungoti iwo akunyowabe. A Wayisoni ometa tsitsi anati holo yake ndi yaukhondo, mulibe ndi ntchentche yomwe, ndipo anapempha kuti ngati n'kotheka boma liganizire zosamutsira msika wonse momwemo. A Sipiliyano anawatontholetsa. M'holo ya m'magalasiyo iwo anaikidwa kutsogolo kwenikweni kwa khamulo, moyang'anizana ndi mpando wachifumu.

Lipenga linalira, mfumu inalowa, ndipo a Sipiliyano anagwada. Kunali kugwada kwa mmisiri: mawondo onse awiri kufika pansi pamodzi, msana kupindika pang'onopang'ono, manja kuwomba mofatsa. Matope anawalowa m'thalauza lawo la tchalitchi koma sanasamale. Chodabwitsa chinali chakuti m'magalasimo sanatsike ngakhale pang'ono. Anali chiimire, ndipo maso awo anali pa maso a mfumu. Pa zaka zonse zimene anagwira ntchito kunyumba yachifumu ankaidziwa mfumu kuyambira pa lamba kutsika m'munsi, ndipo nsapato zake akanatha kuzijambula ali mtulo. Tsiku limenelo anaona kuti ili ndi mpata wa m'mano ngati wa malume awo.

Chakumanzere, nduna zovala Maso a Nkhwazi zinali zitagwada bwinobwino, ndipo a Dyeratu anali atagubuduka kale kawiri mosafunikira. A Sipiliyano anasuzumira pa kampata kamene kabokosi kanasiya pamphuno n'kuona kuti msika wonse wagwada m'matope monga anawaphunzitsira. Koma m'holomo khamu lonse linali njo, ngati chimanga m'munda. Anayesa kutsika kwambiri. Anagona chafufumimba, chibwano m'matope. Sizinathandize. Pothedwa nzeru anayamba kucheukira uku ndi uku kufuna woti awathandize, ndipo apa ndi pamene Bolakuona anagwira ntchito yake mokhulupirika. Mfumu, ili pakati ponena kuti dziko likupita patsogolo, inaona mphunzitsi wake wa ulemu ataima patsogolo pa khamu la anthu oimirira, akupukusa mutu.

Msonkhano unathera panjira. Pofika madzulo wailesi inali italengeza kuti ku Bolamoyo kwabuka gulu la anthu oukira, mtsogoleri wawo ndi wina wake Kamtengo, ndipo akaonekera pamaso pa nduna Lachitatu.

A Sipiliyano anafika kunyumba matope mpaka m'makutu, ndipo anakhala pakhonde. Chimene chinkawawawa si mantha okha ayi, koma manyazi. Munthu akakunamizira kuba ukhoza kutulutsa matumba, nanga akakunamizira kuimirira utulutsa chiyani? Anauza akazi awo kuti choonadi akuchidziwa, magalasi otchipawo sadziwa kugwada, koma akanena zimenezo ndiye kuti anyoza nzeru za Mpando, ndipo mlandu ukhala wachiwiri. Kuloza chala a Dyeratu sikukanathandiza, poti khoswe akakhala pamkhate sapheka. A Esinala anamvetsera uku akufinya kansalu m'madzi otentha. Anayang'ana mitengo yawo ya mapapaya nthawi yaitali, kenako analoza chithunzi chakale chimene chinali pakhoma m'chipinda chochezera, cha tsiku la chinkhoswe chawo, a Sipiliyano ali mnyamata atagwadira akuchikazi.

"Bambo a Tiyese, mnyamata uyo anagwada tisanabereke ndi mwana yemwe, mpaka lero sanadzuke, ndipo sindinamuthowepo ngakhale tsiku limodzi. Inu mumalimbana nazo bwanji?"

Iwo ankangonena mwa kutopa, koma mawuwo anawakhala a Sipiliyano m'mutu mpaka Lachitatu.

Mlandu unazengedwa m'holo yeniyeni ija, pakati pa ndowa ndi mabeseni otchera madzi, chifukwa a Dyeratu anati woukira sayenera kuponda m'holo yagolide. A Sipiliyano analowa chokwawa n'kugwada kugwada kogubuduka nako, kokongola moti nduna ina yachikulire inatsala pang'ono kuwomba m'manja. A Dyeratu anati zimenezo ndi zachiphamaso, munthu wooneka wofatsa ndiye woopsa, ndipo analankhula nthawi yaitali za mayiko amene anagwa chifukwa cha munthu mmodzi woimirira. Mfumu inafunsa woimbidwa mlandu ngati ali ndi mawu.

"Mfumu, magalasi sanalakwe, ndipo amene anawagula sanalakwe," anatero a Sipiliyano, maso ali pa nsapato zimene ankazidziwa bwino. "Tinalakwa ndife, polowa m'holo yanu ndi miyendo. Nduna ikhoza kulowa choimirira kenako n'kugwada, poti ndi munthu wamkulu. Koma munthu wamba aimirire kaye pamaso panu ngati ndani? Ameneyo muzimupeza atagwada kale."

M'holomo munangomveka madontho akugwera m'ndowa. A Dyeratu, amene ankadziwa bwino lomwe chimene chinavuta ndi magalasi awo otchipa, anaona khomo lotulukira ndipo analidumphira. Anati zimene wanena Kamtengozo ndi gawo lachiwiri la ndondomeko yawo, limene unduna wawo unali utakonza kale, kungoti munthuyu wafulumira kuliulula. Mfumu inalamula kuti zithunzi za onse ovala Bolakuona zikonzedwe kuti zikhale zogwada, ndipo chigamulo cha mlandu chidikire Lolemba.

Lolemba lotsatira mfumu inalowa m'holo yagolide n'kupeza nyanja ya mitu yowerama, mizere yowongoka, popanda ndi mmodzi yemwe wosuntha bondo. Inasangalala kwambiri moti inalankhula mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mlandu wa a Sipiliyano unaiwalika ngati ngongole ya kumowa. Sabata yotsatira inalankhula motalikirapo, poona kuti anthu ake satopa.

Anthu a ku Bolamoyo si ana. Tsiku loyamba anagwadadi, tsiku lachiwiri ena anakhala pansi, ndipo pofika mwezi wotsatira msika unkayenda monga mwa masiku onse, kungoti aliyense anali ndi kabokosi kumaso. A Nasibeko ankasankha tomato posuzumira pa kampata ka pamphuno. A Wayisoni ankameta anthu momwemo, ndipo panabuka kametedwe katsopano kokhala ndi kanjira kumbuyo kwa mutu, modutsa lamba. Mayi wina amene ankasinja chimanga nthawi ya msonkhano, mutu ukukwera ndi kutsika limodzi ndi munsi, anatchulidwa pawailesi kuti ndi nzika yovomereza kwambiri m'dziko lonse, ndipo analandira chitenje. Palibe amene ankaona ngati akuukira boma. Ankati boma lawagwadira, ndipo aka kanali koyamba kuti liwachitire ntchito ina yake mpaka kuimaliza.

Kumtunda zinthu zinali zina. Maso a Nkhwazi ankanena zonse. Nduna ikasuntha bondo mfumu inkaona, ikakanda msana mfumu inkaona, ndipo Nduna ya Zamalimidwe itawodzera n'kutsamira khoma inachotsedwa paudindo tsiku lomwelo. Akuluakulu amimba zawo ankagwada pa kapeti kuyambira m'mawa mpaka masana, thukuta lili kamukamu, kenako n'kudzutsidwa ndi alonda awiriawiri. Osoka ku Bolamoyo anayamba kusoka timapilo ta m'mawondo, ndipo tinkatha ngati zitumbuwa. Madalaivala a nduna ankabwera kumsika mozemba kudzafunsa ngati kungapezeke Bolakuona wapadera, wa mlongo wawo wa abwana. Ogulitsa ankayankha mwaulemu kuti lamulo linati magalasi onse ndi ofanana, ndiye mlongo wawoyo angobwereka a abwanawo.

Munthu mmodzi yekha kumsikako ankagwadabe zenizeni, ndipo anali a Sipiliyano. Ankati ulemu si wa maso a mfumu okha. Anthu ankawalambalala ndi madengu awo mosamala, ena n'kuwaikira katoni pansi kuti matope asawalowe. Koma zolankhula za mfumu zinali zitatalika kuposa mawondo awo, ndipo nthawi zina, mwamanyazi, ankakhala pansi pang'ono n'kutambasula miyendo, uku akupepesa chamumtima. M'holo yagolide chithunzi chawo sichinkagwedezeka.

Ndiye tsiku lina anaitanidwa kunyumba yachifumu. Mfumu inati yaganiza zowathokoza: mlamu wake uja wakwezedwa kukhala kazembe, ndipo a Sipiliyano akhala Mkulu Woona za Kagwadidwe pa miyezi yawo yotsalayi. Mlonda anabweretsa bokosi lakuda, n'kulitsegula. Mkatimo, pa nsalu yofiira, munali Maso a Nkhwazi atsopano, akununkhira ngati galimoto ya bwana.

A Sipiliyano anawayang'ana ndipo mtima unawadumpha, poti anali atawasirira kuyambira tsiku loyamba. Anaganiza za nsalu yofewayo pamphumi pawo m'malo mwa mphira imene inkawasiyira mzere. Anaganiza kuti pomaliza mfumu idzaona kugwada kwawo kwenikweni, kwa mmisiri, osati kwa chithunzi chofanana ndi cha wina aliyense. Kenako bondo lamanzere linalira pansi pawo, kaphokoso kakang'ono kamene anakamva okha, ndipo anadziwa kuti sangathe msonkhano umodzi osagwa chammbali mfumu ikuona. Anakumbukira Nduna ya Zamalimidwe. Anakumbukira mapapaya a akazi awo, amene anali atayamba kupsa.

"Mfumu, sindine woyenera," anatero. "Maso angawa anazolowera zotchipa. Ndisiyeni ndi anthu anu kumsika, ndizikuonerani m'kabokosi kanga."

Mfumu inakhudzidwa mpaka inapempha kansalu kopukutira m'maso. Inauza nduna zake kuti ziphunzirepo kanthu, ndipo inalengeza kuti Mendulo ya Kudzichepetsa iperekedwa Lolemba likudzalo osadikira tsiku lopuma. A Dyeratu, amene tsopano ankayenda ndi ndodo, anawayang'ana a Sipiliyano nthawi yaitali ndi maso a munthu amene akudziwa koma sangathe kunena.

Lolembalo msika wa Bolamoyo unadzaza, ndipo a Esinala anabwera atavala chilundu chawo chatsopano n'kuima pambali pa amuna awo. Mfumu inatchula dzina la a Sipiliyano Kamtengo n'kuyamba kuwayamikira. Inati pa miyezi yonseyi yakhala ikuwayang'anitsitsa m'holo yagolide, ndipo sinawaonepo akusuntha, kukanda, kapena kutsamira mbali imodzi. Inati ngakhale m'masiku a holo yakale sinaonepo kugwada kotere, ndipo n'zoonekeratu kuti munthuyu wakhwima pantchito yake mu ukalamba.

Mawu amenewo anawalasa a Sipiliyano. Zaka zonse zija za matope, miyala, simenti yozizira ndi madzi otentha a madzulo, mfumu sinanenepo kanthu, ndipo lero inkatamanda chithunzi chimene anachikonza munthu wa pakompyuta tsiku limodzi asanapite kukadya. Misozi inadzaza m'kabokosi kapulasitiki moti nsanamira zagolide zinayamba kusambira. Anafuna kuti mendulo imeneyi, ngakhale iyi yokha, ailandire ndi mawondo awo enieni. Anakokera thalauza m'mwamba monga mwa chizolowezi n'kuyamba kupinda miyendo, koma dzanja la a Esinala linawagwira pachigongono.

"Imani, bambo a Tiyese. Mwagwada kale."

Anaima. M'holo yagolide mfumu inawerama n'kukoleka mendulo m'khosi mwa munthu wogwada, nduna zikuwomba m'manja ndi nkhope zowawidwa, ndipo nyumba ya boma ija pamodzi ndi mapapaya ake inakhala yawo mpaka imfa. Kumsika, pakati pa tomato ndi makala, a Sipiliyano anali chilili, msana wowongoka, manja akusowa poti n'kuwaika. A Wayisoni anakweza kabokosi kawo pamphumi, anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ndipo anauza a Nasibeko kuti akhala akuwameta a Kamtengo kwa zaka zambiri, koma sankadziwa kuti ndi munthu wamtali chonchi.